Ndawapezera Amayi Pophikira

Cuamba,
21 Julho 2024

Okondedwa achemwali a Veronika,

Moni wochokera kwa ine mlongo wanu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Itepela, inu ndi alamu a Yakobo pamodzi ndi ana? Nanga amayi akupirira bwanji kuzizira kwa chaka chino? Ine kuno thupi lili bwino, ndipo ntchito yoyendetsa galimoto ikupitirira. Masiku ano tikututa soya wotsala m'midzi ya ku Etatara, ndiye fumbi la misewu ya kumeneko ndi limene ndikudya m'mawa ndi madzulo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndayesa katatu kuti ndinene pafoni, koma nthawi zonse ndimangothera kufunsa za fodya ndi za nkhuku. Pakamwa pakundilemera. Tsono poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndapempha a Samsoni oyendetsa chapa, minibasi ija, kuti akupatseni pepalali m'manja. Muyambe mwawerenga nokha, kenako muwawerengere amayi. Musadumphe pamene pakundiipitsa ine.

Amayi atabwerako kuno mwezi wa Maio anakuuzani kuti madotolo a maso anasintha tsiku. Inu munandifunsa, ine ndinavomera. Linali bodza, achemwali. Madotolo analipo, dzina la amayi linali papepala, ndipo Lachinayi m'mawa akanawachotsa ng'ala. Iwo anachoka Lachitatu chifukwa cha ine, ndipo bodza lija analipeka kuti andibisire manyazi. Amayi aang'ono a Ivone, amene anawaperekeza, nawonso anatseka pakamwa. Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikubisala kumbuyo kwa azimayi awiri okalamba.

Mukudziwa kuti ndimagona m'chipinda chimodzi ndi anzanga awiri a kuntchito, kotero amayi sakanafikira kwa ine. Ndinawapezera malo kuhotela ina yaikulu m'tauni muno, yosanja, kumene kampani yathu imagoneka alendo ake. Ine ndimapitako kawirikawiri kukatenga mabwana. Ndimadikira panja ndi galimoto, ndipo alonda ndi operekera zakudya amandidziwa. Ndisakunamizeni kuti ndinasankha malowo poganizira amayi. Ndinkafuna anthu aja aone kuti Gildo wodikira panja uja nayenso angathe kugoneka mayi ake pabedi la mabwana. Zoti kaya pali pophikira sindinafunse n'komwe. Ndinkati kuphika ndi mtolo umene ndikuwatula.

Anatsika chapa Lamulungu madzulo ndi katundu amene munamanga inu: ufa, nyemba, nsomba zouma za ku Amaramba zimene anagula pa Mandimba, mapoto awiri, kambaula, kathumba ka makala ndi mchere m'botolo. Ndinaseka, n'kuwafunsa ngati akusamuka. Pokwera masitepe amayi ankapapasa khoma, a Ivone atawagwira mkono, ine ndili patsogolo ndi kiyi, kufulumira kuti kathumba ka makala kasaonedwe ndi anthu.

Madzulo omwewo operekera zakudya anabweretsa mpunga ndi nkhuku. Amayi anathokoza, n'kukankhira mbale pambali, amvekere ulendo wawatopetsa. Lolemba titachoka kuchipatala kokayeza maso zinali chimodzimodzi. Ankangomwa tiyi ndi nthochi zimene ananyamula. Apo a Ivone anandikokera pakhonde n'kundiuza motsitsa mawu kuti munthu amene akukamucheka sadya mchere wosadziwa dzanja limene lathira, poopa kuti bala silingapole.

Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza. Ndinakulira m'nyumba yomweyo. Ndi kangati kodi inu kapena amayi munandiitana ndili kumpira kuti ndidzathire mchere mumphika, ine n'kuthira n'kuthamangiranso kubwalo? Ndinkadziwanso kuti nkhani zoterezi mayi sakamba ndi mwana wake wamwamuna, n'chifukwa chake anangoti atopa. Koma ndinawayankha a Ivone kuti zimenezo n'zachikale, madotolo sadziwa za mdulo, komanso ife ndife akhristu. Ndinalalikira ndithu, ine amene kutchalitchi ndimaonekako pa Khirisimasi pokha.

Lachiwiri masana foni inalira ndili kuntchito. Anali ajerenti, mkulu wa hotelayo, akuti ndifike msanga. Ndinapeza amayi ndi a Ivone atakhala pansi kuseri, pamene amaimika magalimoto a alendo, mbaula ili pakati, nyemba zikuwira. Anali atasankha pakona, atasesapo bwinobwino. Koma utsi unkalowera pazenera la chipinda chodyera, ndipo pazenerapo panaima mlendo wa kampani yathu amene ndinamunyamula dzulo lake. Alonda ankaseka chobisa nkhope.

Achemwali, ndinanyamula ndowa ya madzi otsukira magalimoto n'kuthira pambaula. Phulusa linaulukira m'nyemba ndi pakapulana, chitenje cha amayi. Kenako ndinatembenukira kwa ajerenti n'kunena m'Chipwitikizi kuti atikhululukire, anthu awa ndi akutchire, sadziwa kanthu. Sindinati amayi anga. Ndinati anthu awa. Amayi anaphunzira Chipwitikizi kwa masisitere ine ndisanabadwe, ndipo anamva zonse.

Sanalire, sanakalipe. Anangopapasa pansi kufuna chivundikiro cha poto. Lachitatu m'mawa ndinawapeza atamanga kale katundu. Ndinachonderera, ndinati tsiku lake ndi mawa lomweli, apirire pang'ono. Anandiyankha kamodzi kokha:

“Ndinabwera kudzachotsa ng'ala, Gildo. Sindinabwere kudzakuchititsa manyazi pantchito pako. Tiperekeze kuchapa.”

Ndinawaperekeza. Ufa ndi nsomba anandisiyira, akuti ndizidya ndi anzanga. Ndinapatsa anzangawo zonse, ine osalawako.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi. Madotolo a maso aja abweranso pa 12 Agosto. Ndinapita kukaonana ndi namwino amene amalemba mayina, ndipo wavomera kuwalembanso amayi. Koma wanena kuti akadzalephera ulendo uno, tidikira mpaka chaka chamawa, pamene diso lakumanzere latsala pang'ono kutsekeka. Inu nomwe munandiuza pafoni kuti sabata yatha anapsa dzanja pofufuza mphika, ndiponso kuti kutchalitchi sakupitanso okha. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti dzanja limenelo ndalitentha ndine.

Kwa masabata awiri, ndikaweruka, ndakhala ndikuzungulira Cuamba ndi phazi kufuna malo ena. Tsopano funso langa loyamba linali la kozinya, ndiye kuti pophikira. Ndaona zinthu, achemwali. Malo oyamba anandiuza kuti kozinya ilipo, n'kundionetsa ketulo yamagetsi ndi kafiriji kongokwana mabotolo atatu. Nditafunsa kuti nyemba aphikira pati, mtsikana wa pakhomo anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Kwina kunali kozinya yeniyeni, yoyera mbee, koma chitofu chake ndi galasi lakuda lopanda malawi, loti ngakhale ine wa maso awiri sindinadziwe pamene patentha. Makala akuti ndi oletsedwa. Ndinathokoza n'kutuluka. Pensawu ina, nyumba yogona alendo ya kufupi ndi siteshoni ya sitima, imalola mbaula, koma pophikira pake n'pamodzi, aliyense akuvundukula poto wa mnzake, ndipo kutsogolo kuli bala ya mowa ndi nyimbo. Zipinda zina kumeneko amabwereketsa pa ola, inu mukumva. Ndinaganiza nkhope ya a Ivone n'kubwerera pachipata pomwepo. Malo enanso awiri anali abwino koma zipinda zili m'mwamba, ndipo masitepe sindikufunanso kuwaona.

Lachisanu lapitali mnzanga Stélio, amene timagona naye chipinda chimodzi, ananditengera kwa mayi ena, dona Graça. Ali ndi pensawu yaing'ono kuseri kwa msika, njira yolowera kuchipatala. Ndi zipinda zinayi zapansi zozungulira bwalo, ndipo ofikirapo ambiri ndi mabanja odzera odwala, ochokera ku Mecanhelas ndi ku Metarica. Chipinda chakumapeto chili ndi mabedi awiri okhala ndi maukonde, malo oyala mphasa, ndi kozinya yakeyake yokhala ndi chitseko ndi kiyi. Mbaula ndi yololedwa. Mpopi uli pakhomo penipeni. Kuchipatala munthu woyenda pang'onopang'ono afika asanatope.

Si malo okongola ayi. Utoto unasuluka, denga ndi la malata, magetsi amathima akafuna, ndipo oyandikana nawo ali ndi tambala wosadziwa nthawi. Mwezi wa Maio ndikanadutsapo osacheuka.

Dona Graça atapita kukatenga kiyi wina, ndinatsinzina maso n'kuyamba kuyenda kuchokera pabedi kupita kukozinya, ndi kuchokera kukozinya kupita kuchimbudzi, ndikupapasa khoma monga amachitira amayi. Ndinapunthwa pa simenti yotukuka ya pakhomo, kenako waya woyanikira zovala anandikola pakhosi. Potsegula maso ndinapeza mayi aja ataima, manja m'chiuno, akundifunsa ngati ndaledzera masana onse ano. Ndi Amakuwa, koma Chinyanja amachilankhula bwino poti anagulitsapo nsalu ku Mandimba zaka zambiri.

Ndinawafotokozera kuti amayi anga saona. Anafunsa ngati ndi a ng'ala, ndipo ndisananene za mchere anayamba okha kundifunsa kuti adzawaphikira ndani. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinawauza zonse, ndi za ndowa zomwe. Nkhani imene ndinalephera kuuza mlongo wanga ndinaiulula kwa munthu amene ndinamudziwa tsiku lomwelo. Nditamaliza, mayiwo anati:

“Mchere abwere nawo wa kwawo. M'kozinya mwawo simudzalowa munthu, ngakhale ineyo. Waya ndichotsa, pakhomopo amuna anga asalaza. Koma tsiku limene adzafike, inu bambo, mudzaime pabwalo pano mundiuze mokweza kuti awa ndi ndani.”

Ndinavomera nditaweramitsa mutu. Chipindacho andisungira kuyambira pa 10 Agosto mpaka amayi adzatulutsidwe m'manja mwa madotolo. Ndapemphanso masiku asanu kuntchito, ndipo abwana andilola. Madzi ndidzatunga ndine, makala ndidzagula ndine, ndipo mumphika sindidzayandikamo pokhapokha atandiitana okha. Namwino akuti mchere ulibe kanthu ndi diso, chofunika n'chakuti wodwala adye akhute. Ine sinditsutsananso ndi aliyense. Kwa dona Graça amayi adzadya, ndipo kuhotela yanga ija sanadye.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Mubwere nawo amayi. Ndikudziwa kuti ine ndikawaimbira adzangoti ali bwino, diso limodzi likuwakwanira. Inu amakumverani. Ngati alamu angalole kuti musiye ntchito ya fodya masiku ochepa, bwerani inuyo pamodzi ndi a Ivone, ndipo wophika adzasankhe amayi eni ake. Katundu mumange monga munamangira poyamba, musachotsepo kalikonse. Namwino akufuna yankho pofika pa 5 Agosto, ndiye mundiimbire kapena muwauze a Samsoni. Amayi akakana, mundiuzebe msanga. Ndidzakwera chapa Loweruka kuti ndidzanene ndi pakamwa panga zimene ndalemba apazi, alamu ndi amalume ali pomwepo.

Pa nkhani ya mchere ija, powawerengera mudziwa nokha kanenedwe kake, poti ndi mawu ochokera kwa mwana wamwamuna.

Mundiperekere moni kwa alamu a Yakobo, muwauze kuti mpope wopoperera mankhwala uja ndaupeza ndipo ndidzawapatsira inu. Moni kwa amalume ndi azakhali kumtunda, ndi kwa adzukulu anga Thokozani ndi Mwawi, alimbikire sukulu. Kwa amayi aang'ono a Ivone mukapite nokha, mukawauze kuti ndinawayankha mwachipongwe pakhonde paja, ndipo iwo ndi amene ankanena zoona.

Amayi muwauze kuti sindikupempha kuti ayambe andikhululukira. Zimenezo zingathe kudikira, koma diso silidikira. Abwere adzachotse ng'ala. Tsiku limene adzawamasule nsalu ya m'maso ndidzakhala nditaima patsogolo pawo, ndipo adzandiyang'ane mmene angafunire.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Gildo