Maola Osachepera Sikisi

Lamlungu, 8 Juni

Apongozi aakazi afika masana, osaimba foni n'komwe. Zikwama khumi ndi chimodzi. Ndimawerenga pamene wa takisi amatsitsa, nayenso amawerenga, nkhope ili gwa.

Amuna anga, a Zilibwino, anali kumpira, ndiye ndatsika ndekha kukawalandira Amayiwo. Ife timakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjayi, ndipo m'chikepe muli kachitsulo kolembedwa kuti makilogalamu 400 basi. Katundu akapyola pamenepo chimangolira ngati kamwana ka mbuzi, osasuntha. Talowa: Amayi, zikwama zonse, alonda a pageti, ine. Chalira. Alonda atuluka. Chalirabe. Amayi andiyang'ana. Ndatuluka. Chatseka chitseko n'kunyamuka mwaulemu wake wonse.

Ndakwera pamasitepe. Ndawapeza atakhalira chikwama pakhomo pathu. "Mwachedwa, aphunzitsi."

Madzulo ndafunsa mwana wawo ngati munthu wongodzacheza amabwera ndi makina osokera. Akuti zili bwino. Dzinali sindinawapatse pachabe.

Lolemba, 9 Juni

Fomu 2, phunziro latsopano: masamu aja a > ndi <, amene ana amati pakamwa pa ng'ona chifukwa imayasamira kumene kuli zochuluka. Chitsanzo cha m'buku ndi cha mlimi wa maapozi amene palibe akumudziwa. Theka la kalasi linali litagona ndisanamalize kuwerenga. Ndiye ndatseka buku n'kulemba langa pabolodi:

Chikepe chimanyamula makilogalamu osapitirira 400. Mayi wina wolemera makilogalamu 100 ali ndi zikwama zolemera 24 chilichonse. Angalowe ndi zikwama zingati?

Onse adzuka. Tapeza 100 + 24x ≤ 400, tachotsa 100, tagawa ndi 24, x ≤ 12.5. Ndafotokoza kuti kamzere kapansi pa ng'ona kakutanthauza kuti 400 yeniyeniyo ndi yololedwa, komanso kuti theka la chikwama kulibe, ndiye yankho ndi 12 kutsika m'munsi.

Mlongoti, mnyamata wamtali wa kumbuyo uja, akuti theka la chikwama liliko, kwawo ali nalo, zipi idaduka. Kenako Loya, mtsikana amene salola chiganizo changa kutha chopanda apilo, wakweza dzanja.

"Madamu, mayiyo akupita kuti ndi zikwama zonsezo?"

Ndati sizili m'funso.

"Ameneyo wathawa banja, madamu. Wodzacheza amanyamula chimodzi."

Ndawapatsa lina loti akachite kunyumba, mayi yemweyo, zikwama zosiyana. Ndatuluka ndikudzitama kuti lero ndaphunzitsa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinaiwala kuti Loya ndi mwana wa alonda athu.

Lachitatu, 11 Juni

Zinayenda chonchi. Loya anakachitira homuweki m'kanyumba ka pageti. Bambo ake anasuzumira, anaona chikepe, 400, mayi, zikwama, basi anazindikira nkhani yonse. Dzulo Amayi akutsika kukagula ulusi, alonda anavula chipewa: "Mwaswera bwanji, Amayi a Handiredi?" Iwo ankaona ngati ndi ulemu. Pofika lero m'mawa ana a pansanja yachitatu akuimba dzinalo pamasitepe, ndipo mayi wa pansanja yachiwiri anatuluka m'chikepe Amayi akulowa, akuti wangokumbukira kuti adokotala anamuuza aziyenda.

Patebulo ndawapatsa Amayi shuga, akana. "Paja ena tikulemera handiredi." Ndawapatsa mpando wabwino uja, akuti ungathyoke. Amwa tiyi ataimirira.

Ndayesa kufotokoza kuti 100 ndinangoitola chifukwa ndi yosavuta kuchotsera. Akuti, "Ndiye munanditola chifukwa ndine wosavuta kuchotsa." Sindinanene choncho.

A Zilibwino anayang'ana amayi awo, anayang'ana ine, anati achedwa kuntchito. Anatuluka atavala masilipasi.

Lachinayi, 12 Juni

Amayi abwera kusukulu.

Ndili pakati pophunzitsa, chitseko chatseguka, alowa ahedi, kumbuyo kwawo Amayi atavala diresi lawo la kutchalitchi. Ahedi andinong'oneza kuti chiyambireni ntchito sanalandirepo dandaulo kuchokera kwa munthu wa m'funso la masamu, ndipo m'malamulo a sukulu mulibe chonena za zimenezi, ndiye ndithane nazo ndekha. Athawa.

Amayi aima kutsogolo. "Ana inu, mayi wa m'chikepe uja ndine. Aphunzitsi anuwa anakunamizani. Choyamba, sindilemera handiredi. Chachiwiri, chikwama chimodzi chinali pamutu panga, ndiye chimalemera ine, osati chikepe."

Mlongoti wavomereza kuti zimenezo n'zomveka. Ndataya nthawi yambiri pa chachiwiricho, mpaka ndanyamula desiki pamutu n'kufunsa ngati simenti yasiya kundimva. Sanakhutire onse.

Loya ndiye watipulumutsa, mwa njira yake. Akuti sikelo tilibe, koma umboni tili nawo, bambo ake ndi mboni: chikepe chinanyamuka ndi Amayi ndi zikwama 11, koma chinakana pamene madamu analimo. Ndiye tiike w m'malo mwa kulemera kwa Amayi. Zikwama 11 kuchulukitsa ndi 24 ndi 264. Choyamba: w + 264 ≤ 400, kutanthauza w ≤ 136.

Amayi afufuta 136 ija ndi chikhato chawo. Akuti mbali imeneyo sakuifuna.

Chachiwiri: w + 264 + madamu > 400. Kalasi yonse yatembenukira kwa ine.

"Nenani, aphunzitsi," atero Amayi. "Si nambala chabe?"

Ndati 62. Atsokomola. Ndati 66. Ana awerengera: ndi 62, w > 74, ndi 66, w > 70. Amayi sanapite patali ndi sukulu koma anachiona msanga kuposa ana anga: ine ndikamalemera, iwo akupepuka. "Onjezani, mwananga, musachite manyazi. Ndimakuonani mmene mumadyera." Mlongoti wapeza kuti madamu atalemera 136, agogowa akhoza kukhala mpweya.

Tagwirizana kuti Amayi amalemera 71. Aimirira mpaka mwana aliyense atakonza m'kope mwake. Pobwerera anandigwira mkono podutsa msewu, koyamba chikwatiwireni changa.

Lachisanu, 13 Juni

Abweranso. Akuti kunyumba kulibe chochita. Ndawaika kumbuyo pambali pa Mlongoti, ndipo chiyambire chaka mnyamatayu sanakhalepo mowongoka chonchi.

Lero tinali pa chinthu chimene chimagwetsa ana chaka chilichonse: ukagawa kapena kuchulukitsa ndi nambala ya mainasi, ng'ona imatembenuka. Ndapempha kuti wina apeke funso la m'moyo weniweni. Dzanja lakwera kumbuyo. La Amayi.

Anena pang'onopang'ono, maso ali pawindo. "Bambo wina anapuma pantchito. Anali wosunga katundu m'nyumba yosungiramo zitsulo, zaka zonse. Tsopano ali pakhomo tsiku lonse. Wasanja makapu a mkazi wake motsatira msinkhu. Wamata timapepala pamabotolo, pa mchere walemba kuti mchere. Akumuphunzitsa kutsuka mbale mkazi amene wamutsukira mbale chikwatirane. Sabata yatha anamufunsa kuti supuni yaing'ono ili kuti, ndipo anatulutsa ndi chilolezo cha yani."

Loya wandiyang'ana ndi nkhope ya ndinanena ine.

Ndafunsa kuti funso ndi lotani. Akuti: "Bamboyo azichoka pakhomo maola angati kuti mkaziyo abwerere?"

Tazikonza. Tsiku lili ndi maola 24. Asanu ndi atatu amagona, amenewo Amayi akuti alibe nawo mlandu, mkonono anauzolowera. Otsala 16. Angawapirire maola angati ali maso? Aganiza. Akuti khumi, osapitirira. Ndiye t akhale maola ochokapo: 16 − t ≤ 10. Kuchotsa 16, −t ≤ −6. Kugawa ndi mainasi wani, ng'ona kutembenuka, t ≥ 6.

Ana ambiri akhoza. Sizinachitikepo. Amayi akopera funso lokha papepala, opanda yankho, akuti mwini wake akadzisovere, paja amadziwa zonse. A Zilibwino atumidwa kukapereka kwa bambo awo. Apita akung'ung'udza kuti zili bwino.

Loweruka, 14 Juni

Apongozi aamuna afika m'mawa, tayi pakhosi, cholembera m'thumba la shati. Malaya osasita bwino kolala. Ndinaona Amayi akuyang'ana kolalayo n'kuyang'ananso kumbali.

Akhala patebulo, atulutsa pepala lija. Alemba mwaukhondo, mizere yojambula ndi rula. Akuti asova, ndipo avomera zonse zimene masamu anena. Yankho lawo: t ≤ 6.

Sanatembenuze ng'ona.

"Maola osapitirira sikisi," atero Abambo. "Ziro ndi wosapitirira sikisi. Choncho ndikhoza kukhala pakhomo tsiku lonse, ndipo mayi, masamu anu omwe akuti tiyeni kwathu."

Amayi atembenukira kwa ine. A Zilibwino atembenukira kufiriji. Munthu ungauze bwanji apongozi aamuna, atavala tayi, m'nyumba mwako, kuti alakwa? Ndayamba ndi kuyamikira rula. Ndayamikira kalembedwe ka 6. Kenako ndati, Abambo, mwina tingoyesa yankholi, tiike ziro m'funso muja tione.

Aika okha. 16 kuchotsa ziro, 16. Kodi 16 ndi wosapitirira 10? Ayang'ana nthawi yaitali. Ayesa 2. Ayesa 5. Ayesa 6, yalowa. Ayesa 7, yalowanso. Atseka cholembera.

Ndimayembekezera mkangano. M'malo mwake afunsa motsitsa mawu, osati kwa ine, osati kwa Amayi, ngati akufunsa tebulo:

"Maola sikisi. Ndizipita kuti?"

Anzawo a kuntchito ena adamwalira, ena adasamukira kwa ana awo. Kuntchito kuja anapitako kamodzi, mnyamata wa pageti anawafunsa kuti akufuna ndani. Izi anazinena akupinda pepala lija kanayi, m'makona mofanana.

Amayi anyamuka, apita kukhitchini kwanga, atsegula makabati onse mwaphokoso. Abwera ndi tiyi. Amuikira shuga mwamuna wawo osafunsa, n'kumuwongola kolala ngati akumumenya.

"Kopita mukakupeza. Zitsulo munkazipezera malo."

Lamlungu, 15 Juni

Amayi abwerera kwawo. Ndi chikwama chimodzi. Khumi zatsala m'chipinda chathu chochezera, pamodzi ndi makina osokera, akuti tione kaye ngati munthu angasunge masamu. Ndikafuna kufika pawindo ndikumadutsa cham'mbali ngati nkhanu.

Abambo potuluka anaima nthawi yaitali pageti ndi alonda. Ndinawaona akuloza makiyi a nyumba yonse amene amangokhala mulu m'chitini.

Lolemba, 16 Juni

Mlongoti wafunsa ngati agogo abweranso. Akuti mpando wawo asaukhalire wina.

Ndabwerera ku buku. Mlimi wa maapozi. Agona.

Lachitatu, 18 Juni

Ndangofika kuchokera kusukulu, nsapato ndisanavule, foni. Amayi.

Sanapereke moni. "Aphunzitsi, masamu anu aja ndi operewera."

Ndafunsa kuti pati.

"Munalemba kuti osachepera sikisi. Simunalembe kuti asapitirire angati. Lolemba anachokapo maola sikisi ndendende, anaima panja ndi wotchi mpaka inakwana. Dzulo seveni. Lero wachoka kutangocha, mpaka pano. Chakudya chazizira. Foni wasiya patebulo, waimata kapepala kolemba kuti foni."

Mawu awo sanali a munthu wokwiya. Ndawauza kuti adikire, ndadutsa pakati pa zikwama zawo, ndasuzumira pawindo. Pansi, pakhomo pa kanyumba ka alonda, pali thabwa latsopano lokhomedwa misomali m'mizere, kiyi aliyense pamsomali wake, kapepala pamwamba. Abambo ali pampando wa alonda, tayi ili pamalo pake, akulozera. Alonda ali chiimire ndi hamala, akuoneka ngati munthu amene sakudziwa kuti ntchito yake yamuchoka liti.

Ndati ali kuno, Amayi, ali bwinobwino, akusanja makiyi.

Apuma mwamphamvu mpaka ndinamva mpweya m'khutu. Kenako: "Adya?"

Ndati sindikudziwa.

"Muwapatse kanthu. Musanene kuti ndaimba." Awonjezera: "Ndipo muikenso ng'ona ina mbali inayo. Eyiti. Akapitirira eyiti ndibwera kudzawatenga ndekha."

Ndang'amba pepala m'kope la Fomu 2, ndalemba 6 ≤ t ≤ 8, ndaika buledi ndi tiyi pathireyi. Ndikutsika.