Fani ya Bambo

Ngabu,
17 Novembala 2024

Okondedwa achimwene Geresomo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tili bwino, kupatula dzuwa, lomwe chaka chino likuchita ngati tinalilakwira. Bambo akupezako bwino, dzanja lamanja layamba kugwira kapu, koma lilime likadali lolemera chidwalireni sitiroko ija.

Simunandifunse mmene tinaikira maswichi oyatsa ndi foni omwe munatumiza, ndiye ndikuuzani ndekha. Alamu anu anafuna kulumikiza okha ndi mpeni wosendera mbatata. Ndinawakaniza, ndinati ine umasiye sindikuufuna, ndipo ndinaitana a Lorenso, amisiri a magetsi akumsika. Iwo anayamba azimitsa magetsi a nyumba yonse pa meni swichi, n'kupima soketi iliyonse ndi tesita asanakhudze waya. Kuchipinda kwa bambo anapeza waya wa efi, woteteza kuti magetsi asagwire munthu, ali wodukira mkati, anausintha. Soketi ya mbaula yamagetsi ndi ya ayironi anakana kuziika pa foni. Anati, "Mayi, munthu ali ku Joni angadziwe bwanji kuti pa mbaula mwana wasiyapo nsalu? Ndiponso kaswichi aka n'kakang'ono, kangasungunuke." Choncho analumikiza ya fani yokha.

Tsiku lija munadina koyamba muli komweko, fani n'kuyamba kuzungulira yokha, bambo anaseka mpaka misozi. Pafoni amachita manyazi kulankhula nanu chifukwa mawu satuluka bwino, koma fani amaiyankha. Ikangoyamba amakweza dzanja n'kuthokoza m'chilankhulo chakwathu kuti, "Takhuta, mwananga." Akadya masana amakhala pampando wawo kuiyang'ana. Batani lapakhoma amalifikira bwinobwino, koma salikhudza, akuti akudikira Geresomo. Mukuwadziwa bambo anu ndi makani.

Tsono achimwene, pali chomwe ndakhala ndikubisa. Inu munadina komaliza mu Ogasiti. Sindikukuimbani mlandu, ntchito ya kumeneko ndikuimva. Koma nditaona bambo atakhala masiku atatu thukuta lili kamukamu, maso ali pa fani, ndinapempha a Lorenso andiikire zomwezo mu foni yanga. Kuyambira pamenepo ndimadina ndine, nditabisala kukhitchini. Iwo amathokoza inu, ine ndili kuseri kwa chitseko. Poyamba zinkandisangalatsa, koma pano zikundipweteka, chifukwa ndikunamiza kholo langa tsiku ndi tsiku.

Kalatayi ndapatsira a Imelda, anansi athu opita kumeneko kukapikula katundu, afika Lachinayi. Alamu anu ndi ana akupereka moni. Bambo sindinawauze kuti ndikulemba.

Lamulungu likudzali, tikaweruka kutchalitchi, ine sindidina. Foni ndiisiya m'chikwama. Bambo amakhala pampando cha m'ma wani koloko.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Ireen