Makalata Osowa Mwini

Lolemba, 10 Malichi

Ntchito yatuluka. Tisankhe mabuku awiri a mayiko osiyana, tiwafananitse m'masamba khumi. Ndondomeko yake ikufunika Lachisanu, ndipo mphunzitsi wathu akapanda kuisaina, palibe kulemba. Mayi ameneyu timamutcha a Nangatsono, chifukwa ndiwo mawu amene amadzaza m'mphepete mwa mapepala athu. Chaka chatha anandilembera kuti, "Mwandifotokozera mabuku awiri koma simunawafananitse. Nanga tsono?" Ndinalephera. Ndikalepheranso, anzanga adzavala mikanjo ine ndikuwombera m'manja kumbuyo.

Koma ulendo uno mtima uli dyokodyoko. Mabuku ndapeza, ndipo ndiziwatchula ndi zikuto zawo. Lofiira: mtsikana wothawa kwawo kukagwira ntchito kufakitale ya nsapato. Lobiriwira, lomasuliridwa kuchokera kuchinenero china: mwana wa mlimi wa njuchi amene amaopa njuchi. Ndatuluka mulaibulale ndikumwetulira ndekha mpaka mlonda wandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndatulukira nzeru, aliyense andipatse ulemu. Mawu aliwonse ondigwira mtima ndikuwalemba pakapepala kakekake, a mu Lofiira ndi cholembera chofiira, a mu Lobiriwira ndi chobiriwira. Kalikonse ndi nambala yake. Timapepala 64. Ndamanga chingwe pabalaza, kuchokera pamsomali wa katani mpaka pachitseko, n'kutiyanika ndi mapegi. Tofiira kumanzere, tobiriwira kumanja. Kukongola kwake ngati pali ukwati. Ndavina ndi tsache.

Bambo adutsa pansi pa chingwe atawerama, sanafunse n'komwe. Chipumireni ntchito kupositi, makamaka chimwalirireni amayi, mawu awo a tsiku lonse sakwana khumi. "Madzi atentha?" Basi.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndayenda m'mbali mwa chingwe kasanu, kapu ya tiyi m'manja, kudziyesa pulofesa. Ndiye ndayamba ndondomeko. Gawo 1, Lofiira likuti. Gawo 2, Lobiriwira likuti. Gawo 3...

Palibe gawo 3. Ndi msampha womwe uja wa chaka chatha, ndangouveka mapegi. Ndaimbira mnzanga wa m'kalasi, iye akuti, "Ingolemba kuti onse awiri ndi ovutika." Ndani sali wovutika m'mabuku? Ndachita mantha enieni.

Bambo anali pampando wawo, maso panyuzipepala. Ndinapsa mtima popanda chifukwa, ndinatenga kapepala kotsala n'kulembapo ndi pensulo zimene sindingawauze pamaso. Ndakapanika kumapeto kwa chingwe. Mawa ndikachotse.

Lachinayi, 13 Malichi

Msomali wazuka ine ndili kusukulu.

Ndafika masana, chingwe palibe. Patebulo pali milu isanu ndi umodzi, uliwonse wopsinjidwa ndi kapu kapena supuni, tofiira ndi tobiriwira titasakanikirana. Bambo ali chilili, magalasi pamphuno, malaya atapinda m'mikono. Ine misozi inali pafupi.

"Bambo, mwandisokonezera ntchito ya masiku awiri."

"Ndasanja," akutero. "Iwe unasanja potengera kumene achokera. Kalata sitiyang'ana kumene yachokera, mwana wanga, timayang'ana kumene ikupita."

Ndiye andiyendetsa ngati wophunzira ntchito. Awa akupita kwa abwana. Awa kwa wokondedwa. Awa kwa Mulungu. Awa munthu akudziuza yekha. Awa akulankhula ndi ziweto ndi makina. Kapepala kalikonse anakawerenga n'kufunsa funso limodzi: akuuza ndani? Mulu womaliza ndiwo unali wautali, timapepala 21, 11 tofiira ndi 10 tobiriwira.

"Awa ndi makalata osowa mwini. Wolandira alipo, koma keyala sinalembedwe. Kuntchito tinkawasunga m'kabati yapadera."

Ndawawerenga ndili chiimire. Onse 21 ndi mwana akulankhula ndi bambo ake, bambowo palibe pamenepo. Wa nsapato amayankhulira m'phokoso la makina kuti asamveke. Wa njuchi amauza ming'oma. Mayiko awiri, zinenero ziwiri, kabati imodzi. Ndakuwa mpaka galu wa aneba wayankha. Ndawagwira bambo manja kuti tivine, iwo akuti, "Samala supuni."

Ndondomeko ndailemba ola limodzi. Magawo atatu, ndipo m'gawo lililonse mabuku onse awiri akuyankhana. Funso lake lalikulu: n'chifukwa chiyani wina pomaliza akutumiza mawu ake, wina ayi? Chifukwa cha chimwemwe, zolemba zili ngati zadutsapo nkhuku.

Lachisanu, 14 Malichi

Asaina!

A Nangatsono awerenga kawiri, cholembera chili m'mwamba ngati kabawi. Kenaka akuti, "Njira imeneyi mwaitenga m'buku liti?" Ndati kwa katswiri wina wa zamakalata, wazaka makumi atatu pantchito. Akuti ndidzamutchule m'mawu othokoza. Sanalembe "Nanga tsono" paliponse, ndayang'ana ndi kuseri komwe. Pamasitepe ndatsika awiriawiri, nsapato imodzi yatsala m'mbuyo.

Ndili m'basi ndiye ndakumbukira kapepala ka pensulo. Sindinakachotse.

Nditafika kunyumba ndawerenga milu yonse. 64 ndendende. Ka pensulo palibe. Pansi pa sofa palibe, m'bini palibe. Mwina kanauluka. Chonde kakhale kuti kanauluka.

Loweruka, 15 Malichi

Mmawa ndatolera zochapa. Ndapempha bambo malaya awo a Lachinayi. Asanandipatse apisa m'thumba la pamtima, atulutsa kapepala kopinda pawiri, akasamutsira m'thumba la malaya amene avala. Ndaona pensulo yanga. Ndikudziwa zimene kakunena: "Zaka zitatu ndikuphunzira m'nyumba muno, bambo sanandifunsepo kuti ndimawerenga chiyani."

Manyazi andigwira mpaka m'makutu. Ndati, "Bambo, kameneko si ka m'mabuku."

"Ndikudziwa. Kalata imeneyi inali ndi keyala. Yafika."

Ndaima ndi beseni m'manja. Iwo akoka mpando patebulo, avala magalasi, asuntha supuni pamulu wautali uja, atenga Lobiriwira n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Zovala zidikire," akutero. "Mwana wa njuchiyu, pomaliza anawauza bambo ake kapena ayi? Usandiuze mathero. Yambira poyamba."