Wochotsa Mwana Wanu Akufuna Voti Yanga

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Kuno tili bwino, ana akukula.

Mukumukumbukira mkulu wa sukulu ya zaudokotala, uja anachotsa mwana wanu pomunamizira kuti anabera mayeso? Tsopano akufuna kukhala mkulu wa yunivesite yonse. Sukulu iliyonse ikutumiza munthu mmodzi wokavota, ndipo yathu ya zaulimi yasankha ine.

Dzulo anabwera ku ofesi kwanga akumwetulira, amvekere, "Mayi, ndikudalira inu." Sanandizindikire kuti ndine msuweni wa mwana uja anamuchotsa. Ndinamupatsa mpando, ndinamuthirira tiyi, mpaka ndinamufunsa ngati ana ake akukhoza bwino kusukulu. Koma mumtima munkawira, azakhali.

Msuweni wangayo musamuuze kanthu kaye. Tikuvota Lachisanu, ndipo anzanga a sukulu ya zamalamulo ndacheza nawo kale kuti mkuluyo tisamuvotere.

Ndine,
mwana wa achimwene anu