Ndalirira Dalaivala wa mu Filimu

Okondedwa Alamu,

Muli bwanji ndi ana? Kuno kutsidya kwa nyanja ku Croydon ndili bwino, msana wokha ndiwo ukuvuta.

Lamlungu, kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, tinawaikira filimu yakalekale ya ku America, ya mpikisano wa magalimoto. Galimoto ina itagubuduzika n'kuyaka, mng'ono wake wa dalaivala anathamangira m'motomo osacheuka. Ndinalira mpaka gogo wina wachizungu anandigwira dzanja, amvekere, "Tonthola mwanangu, ndi sewero chabe."

Alamu, tsiku limene munkaika m'manda achimwene atafa pa ngozi ya minibasi ija, ine ndinali pa shifiti, ndikudyetsa anthu phala, osagwetsa ndi msozi womwe. Misozi yawo ndakaitayira mzungu amene sanafe n'komwe.

Mulungu akusungeni. Chiliza chokha musamange ndisanabwere, ndidzawalire ndili pamanda pawo.

Ine mlamu wanu,
Esinala