Mwala wa Otilia mu Mgolo wa Kabichi

Constanța, Novembala

Okondedwa Amayi,

Moni wochuluka. Kodi bondo lija likukupatsaniko mpata ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndili gwa. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumangofunsa ngati ndadya.

Ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Mukukumbuka mwala wotuwa tinauvuula pansi pa Nyanja Yakuda uja, pamalo pomwe mpweya woyaka wa metheni umatumphuka m'matope? Theka lake ndinalipera, ndipo makina aonetsa chimene ndakhala ndikusaka zaka zonsezi. Mwalawo unaumbidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya mpweyawo n'kumasiya njereza. Ndinavina ndekha pakati pa mabotolo. Pulofesa Manolache, ondiyang'anira aja, amene kumwetulira kwawo n'kwa apo ndi apo, anandigwira chanza ndi manja awiri.

Kenako anati akufuna theka linalo kuti ayezenso, apo ayi digiri yanga situluka chaka chino. Ndinawayankha modzitama kuti lili pabwino, pakabati ya amayi anga, pambali pa chithunzi cha malemu bambo.

Dzulo ndiye achimwene a Fănel andiuza, akufa nalo phwete, kuti kabichi wa chaka chino, amene mwamuviika mumgolo wa madzi amchere kuti awawase, mwamutsindira ndi mwala womwewo, ati ukukhala bwino kuposa wakumtsinje uja. Amayi inu! Madzi owawasa a mumgolowo amadya njereza ngati mmene viniga amayeretsera ketulo yanu. Mmene ndikulemba pano digiri yanga ikusungunuka.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangomaliza kuwerenga, tsikirani kuchipinda chapansi mukauvuule. Muutsukuluze ndi madzi okha. Musaukweche, ndimakudziwani. Ukauma muukulunge m'nsalu, muwapatse bambo Grigore oyendetsa basi aja kuti andibweretsere.

Pulofesa ndawauza zoona. Anati m'kati mwa mwalawo mukhala mudakali bwino ngati mufulumira. Ndikutuluka anandiitananso.

"Kodi kabichiyo amayi ako amathiramo katsabola?"

Choncho m'phukusi la mwalawo muikemonso mitu iwiri ya kabichiyo, ya Pulofesa.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Veta, kwa alamu anga ndi ana, ndi kwa achimwene akasiya kuseka. Ndakusowani kwambiri. Munkandifunsa kuti miyala yangayi ntchito yake n'chiyani. Woyamba kuipezera ntchito ndinu.

Ndine mwana wanu,
Otilia