Zigoba za Alamu Anu

Achimwene a Kuriakose,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bombay. Kuno ku Mundakayam mvula yaleka, ndipo mbuzi ija yaswa.

Sitiraka yatha, bungwe lathu la ogwira ntchito m'munda wa mphira lapambana. Paja tikanyanyala ntchito timavundikira zigoba za kokonati zolandirira utomoni wa mphira. Aliyense wavundukula zake, koma pamzere wa mitengo ya alamu anu a Pappachan zikadali chivundikirire. Apolisi anawatenga pamsonkhano, ati kukangowafunsa mafunso, koma mpaka lero sanabwerere.

Dzulo kapitawo anati, "Thankamma, vundukula zigobazi, mitengoyi ndiipereka kwa wina." Ndinati, "Anavundikira okha, adzavundukula okha." Anzathu a m'bungwe anangoyang'ana pansi.

Ngati mukudziwa wina wogwira ntchito kundende... basi, musadandaule. Mpunga ndikuphikabe wa anthu awiri.

Ndine mlongo wanu,
Thankamma